Kulondola mbiri ya dzina la banja lachingerezi: njira yake, pa chitsanzo cha dzina la Washington

Mu 1791 Sir Isaac Heard, mkulu wa College of Arms ku London, ofesi yosunga mizere ya mabanja ndi zizindikiro zawo, analembera George Washington kalata yofunsa za makolo ake a ku England. Yankho linafika chaka chotsatira. Pulezidenti woyamba wa America uja anavomera kuti nkhaniyi sanaiikepo mtima kwenikweni. Chimene ankakumbukira n'chakuti akuluakulu a m'banjamo ankati kholo lawo linachokera kumpoto kwa England, kaya ku Lancashire, kaya ku Yorkshire, kaya kupitirirako.

Heard anafufuza m'mabuku ake n'kupeza abale awiri, John ndi Lawrence Washington, a banja la ku Sulgrave. Poti amene anawoloka nyanja kupita ku Virginia analinso John ndi Lawrence, iye anaganiza kuti mwina ndi omwewo, ndipo olemba ena anatenga ganizolo ngati nkhani yotha kale. Panapita zaka zoposa 70 cholakwikacho chisanatulukire. Ndasankha dzina limeneli kuti litiperekeze m'malangizowa chifukwa pafupifupi msampha uliwonse umene umakola wofufuza uli momwemu, ndipo unakola ngakhale katswiri amene ntchito yake inali yomweyi.

Gawo 1: Lekanitsani mafunso awiri

"Dzinali linachokera kuti?" ndi funso lina. "Banja langa linachokera kuti?" ndi linanso. Loyamba amayankha ndi akatswiri a chilankhulo, ndipo mwina mungalipeze m'mphindi khumi. Lachiwiri mumayankha nokha, m'badwo ndi m'badwo, ndi mapepala m'manja. Ambiri amathamangira loyamba, akawerenga tanthauzo la dzina basi aganiza kuti apeza kwawo. Ife tiyamba ndi lachiwiri, la tanthauzo libwera chakumapeto.

Gawo 2: Yambani ndi inuyo, kenako akuluakulu amene ali moyo

Tengani kope. Lembani dzina lanu lonse, tsiku ndi malo obadwira. Pansi pake bambo ndi mayi, kenako agogo a mbali zonse. Chilichonse chimene mwalemba, pambali pake lembani kumene mwachitenga: satifiketi, khadi la ubatizo, mwala wa pamanda, kapena "anandiuza azakhali, tsiku lakuti". Chizolowezi chimenechi chimaoneka chotopetsa sabata yoyamba, koma pakatha chaka mudzakhala ndi mayina mazana ndipo simudzakumbukira lomwe munalitsimikiza ndi lomwe munangolimva.

Mukatero pitani kwa okalamba, musachedwe. Musawafunse kuti "tiuzeni mbiri ya banja", chifukwa funso lotero limabweza nthano yomwe ija imene aliyense anaimva kale. Funsani tinthu ting'onoting'ono: agogo ankagwira ntchito yanji, ankapemphera mpingo uti, makalata ankachokera kuti, anaikidwa manda ati, anali ndi dzina lina lapanyumba? Ngati alola, jambulani mawu awo pa foni. Jambulaninso zithunzi zakale kumaso ndi kumbuyo komwe, poti kumbuyoko n'kumene kumakhala dzina la tauni kapena chaka.

Zimene akuluakulu anena zisungeni bwino, koma mudzaziyese. Onani za Washington zija. Akuluakulu ake sananame: banjalo linayambiradi kumpoto, ku County Durham, ndipo nthambi yake inakhalapo ku Warton m'chigawo cha Lancashire. Koma John amene anapita ku Virginia anali mwana wa m'busa wa ku Purleigh ku Essex, kum'mwera chakum'mawa, ndipo banjalo linali litachoka kumpoto zaka zoposa 100 m'mbuyomo. Munthu amene akanangotsata mawu apakamwawo akanakasaka m'chigawo cholakwika.

Pali funso lina limene ife a kuno tiyenera kulifunsa poyambirira: dzina lachingerezili linalowa bwanji m'banja mwathu? Kwa ena linabwera ndi magazi, kudzera mwa mzungu wa pa esiteti, wa sitolo kapena wa boma la atsamunda. Kwa ambiri si choncho. Dzina la ubatizo la agogo, monga James, William kapena Wilson, linalembedwa ngati dzina la bambo pa sukulu kapena pa chiphaso cha ku migodi, ana n'kulitenga, pamene chiwongo chenicheni chili Phiri, Banda kapena Mbewe. Ngati ndi mmene zinakhalira kwanu, mbiri ya banja lanu ili kumudzi ndi m'makaundula a mishoni, osati ku England, ndipo pa malangizowa gawo 10 ndi limene likukhudzani.

Gawo 3: Pezani powolokera

Ngati kholo lanu linachokeradi ku Britain, mukufunika zinthu zitatu musanatsegule kaundula aliyense wa kumeneko: dzina lake lonse, chaka chimene anabadwa (ngakhale mongoyerekeza), ndi dera. Popanda dera, John Walker wanu ndi mmodzi mwa masauzande.

Kwa amene anakhala ku Nyasaland, yambani ndi National Archives of Malawi ku Zomba, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, ndi makaundula a ubatizo ndi maukwati a mpingo umene ankapemphera. Ku The National Archives ku Kew, London, kuli mindandanda ya okwera sitima zapamadzi zochoka ku Britain kuyambira 1890 mpaka 1960, yomwe imapezekanso pa mawebusaiti ofufuzira mbiri ya mabanja a Findmypast ndi Ancestry. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: azungu ambiri a ku Nyasaland, makamaka a mishoni za Blantyre ndi Livingstonia ndi a kampani ya African Lakes, anali a ku Scotland. Dziko limenelo lili ndi makaundula akeake, kulembetsa kwa boma kunayamba mu 1855, ndipo amafufuzidwa pa webusaiti ya ScotlandsPeople. Zotsatirazi ndi za England ndi Wales.

Gawo 4: Masatifiketi a boma, kubwerera mpaka 1837

Pa 1 Julayi 1837 boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa za anthu onse. Mindandanda yake ili ndi ofesi ya General Register Office (GRO), ndipo mungaifufuze mwaulere pa webusaiti ya FreeBMD; ya kubadwa ndi imfa ilinso pa webusaiti ya GRO yeniyeniyo. Mndandandawo supereka tsiku lenileni. Umapereka dzina, dera lolembetsera, chigawo cha chaka (miyezi itatuitatu yothera mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala), nambala ya buku ndi tsamba. Ndi manambala amenewo mumaitanitsa satifiketi, ndipo iyo ndi yolipira.

Yendani chonchi. Satifiketi ya kubadwa ya munthu wanu ikupatsani dzina la bambo, ntchito yake, ndi dzina la mayi la kwawo asanakwatiwe. Ndi mayina awiriwo sakani ukwati wawo. Satifiketi ya ukwati ikupatsani zaka za onse awiri (ngakhale nthawi zina amangolemba kuti ndi akuluakulu), kumene ankakhala, mayina a abambo awo ndi ntchito zawo, komanso mboni, zomwe kawirikawiri zimakhala abale. Ndi dzina la bambo mwapezalo sakani kubadwa kwa mkwatiyo. Kubadwa, ukwati, kubadwa, ukwati, mpaka mutafika 1837.

Musanawononge ndalama, gwiritsani ntchito mndandanda wa pa webusaiti ya GRO, chifukwa umaonetsa dzina la kwawo la mayi ngakhale pa ana obadwa m'zaka za m'ma 1800. Ndi njira yachangu yosiyanitsira ana awiri a dzina limodzi, ndiponso yopezera abale ake a munthu wanu amene anamwalira ali makanda. Makolo ankapatsidwa masiku 42 kuti alembetse mwana, ndiye wobadwa kumapeto kwa Disembala mungamupeze m'chigawo cha Malichi chaka chotsatira. Ndipo chisanafike chaka cha 1875 ana ena sanalembetsedwe n'komwe. Akasowa, musafulumire kunena kuti kunalibe munthu wotero.

Gawo 5: Kalembera

Masatifiketi amakupatsani munthu mmodzimmodzi, kalembera amakupatsani khomo lonse usiku umodzi. Ku England kalembera amachitika zaka khumi zilizonse kuyambira 1801, koma mayina a anthu onse anayamba kulembedwa mu 1841. Amatsegulidwa pakatha zaka 100; wa 1921 anatsegulidwa mu Januwale 2022.

Wa 1841 ngwoperewera. Sanena ubale wa anthu a m'nyumba, ndipo zaka za aliyense woposa 15 ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0, moti wa zaka 29 analembedwa 25. Chuma chenicheni chili mu 1851, chifukwa kuyambira pamenepo ankalemba parishi imene munthu anabadwira. Nkhalamba ya zaka 70 mu 1851 inabadwa cha m'ma 1781, ndipo mzere umodzi umenewo ukukuuzani tchalitchi choti mukafufuzeko. Wa 1911 analembedwa ndi dzanja la mwini nyumba, ndipo amanena zaka zimene banja lakhala muukwati, ana obadwa, amoyo ndi omwalira.

Wa 1931 anapsa ndi moto mu Disembala 1942, ndipo mu 1941 kunalibe kalembera chifukwa cha nkhondo. Mpata umenewo umatsekedwa ndi 1939 Register, kaundula amene analembedwa pa 29 Seputembala 1939, amene ali ndi tsiku lenileni lobadwa la munthu aliyense, ngakhale mayina a amene angakhale adakali moyo amabisidwa.

Mutsateni munthu wanu m'kalembera aliyense, osadumpha ngakhale mmodzi. Zaka zikasiyana pang'ono si vuto. Koma malo obadwira, ntchito ndi mayina a ana zikasintha zonse pamodzi, mwasiya munthu wanu n'kuyamba kutsata wina.

Gawo 6: Makaundula a tchalitchi

Kuseri kwa 1837 n'kumene ntchito imalimba, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula parishi iliyonse kuti izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro. Mu 1598 kunabwera lamulo loti zolembazo zikoperedwe pa zikopa, ndipo alembi ambiri anangoyambira 1558, chaka chimene Elizabeth I analowa ufumu. N'chifukwa chake makaundula ochuluka amayambira pamenepo kapena pambuyo pake. Ankatumizanso kope kwa bishopu chaka ndi chaka, ndipo makope amenewo amapulumutsa wofufuza pamene buku lenileni linatayika kapena linadyedwa ndi chinyezi. M'zaka za nkhondo yapachiweniweni ndi ulamuliro wa Cromwell winayo, Oliver, kuyambira m'ma 1640 mpaka 1660, maparishi ambiri ali ndi mipata.

Mabuku enieniwo masiku ano ali m'maofesi osunga zolemba zakale a chigawo chilichonse. Ambiri anajambulidwa ndipo ali pa FamilySearch, Ancestry ndi Findmypast, pamene FreeREG ili ndi zokopera zaulere. Mukapeza dzina m'mndandanda wotayipidwa, tsegulani chithunzi cha tsamba lenilenilo. Wotayipa amaphonya, komanso amasiya timawu ta m'mphepete timene m'busa analemba, monga ntchito ya bambo kapena mudzi umene anachokera.

Malamulo awiri anasintha maonekedwe a mabukuwa. Kuyambira pa 25 Malichi 1754 ukwati uliwonse, kupatula wa Ayuda ndi wa a Quaker, unayenera kuchitikira m'tchalitchi cha Anglican, ndi siginecha kapena chizindikiro cha okwatiranawo ndi mboni. Ndiye ngakhale banja la Methodist kapena Baptist, ukwati wake muusake m'parishi, ngakhale maubatizo ali m'mabuku a mpingo wawo. Kuyambira 1813 maubatizo ndi maliro ankalembedwa m'mafomu osindikiza, okhala ndi malo a ntchito ya bambo ndi zaka za womwalira.

Pali zinthu zitatu zimene zimasokoneza wongoyamba kumene.

Choyamba ndi kalendala. Chisanafike chaka cha 1752, chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi. Mwana wobatizidwa mu Febuluwale 1700 ndi wamng'ono kwa wobatizidwa mu Disembala 1700, ndipo ofufuza amalemba tsiku lotero kuti Febuluwale 1700/1. Mu Seputembala 1752 anadumphanso masiku 11: atagona pa 2 anadzuka pa 14. George Washington anabadwa pa 11 Febuluwale 1731 mwa kawerengedwe kakale, lomwe ndi 22 Febuluwale 1732 mwa katsopano. Wosadziwa zimenezi angaganize kuti kunali ana awiri, kapena kuti mwana anabadwa makolo asanakwatirane.

Chachiwiri ndi Chilatini ndi kalembedwe. M'mabuku akale John ndi Johannes, William ndi Gulielmus, James ndi Jacobus. Dzina la banja nalo linkalembedwa mmene mlembi walimvera, popeza mwini wake nthawi zambiri sankadziwa kulemba. Washington m'zolemba zakale ndi Wessyngton, Wessington, Wassington. H wa kumayambiriro amabwera n'kupita: Armitage ndi Hermitage ndi dzina limodzi. Litchuleni dzinalo mokweza, lembani njira zonse zimene munthu angalilembere, ndipo posaka pa intaneti ikani kanyenyezi m'malo mwa zilembo zosinthasintha. Amene anaonapo dzina la mbale wake litapotozedwa pa chiphaso ku Johannesburg kapena ku Harare saona chachilendo pamenepa.

Chachitatu ndi chimene chinagwetsa Heard: anthu awiri a dzina limodzi. Mabanja achingerezi ankabwereza mayina omweomwewo m'badwo uliwonse. John ndi Lawrence amene Heard anawaganizira anali a m'badwo wam'mbuyo. John uja anali bambo wamkulu wa osamukawo, Sir John Washington wa ku Thrapston, yemwe sanachoke ku England. Lawrence anali bambo wawo weniweni, m'busa wa ku Purleigh. Joseph Lemuel Chester, wa ku America wokhala ku London, ndi amene anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti awiriwo sangakhale amene anapita ku Virginia. Njira yodzitetezera ndi iyi: mukapeza ubatizo wooneka woyenera, yesetsani kuugwetsa. Sakani m'kaundula wa maliro ngati mwanayo sanamwalire ali wamng'ono. Sakani ngati sanakwatire mkazi wina m'parishi yomweyo n'kukalamba komweko. Yang'anani maparishi onse oyandikana ngati mulibe mwana wina wa dzinalo wa msinkhu womwewo. Akapulumuka mayeso onsewa, mulembeni ndi pensulo.

Pa chifukwa chomwechi sindikhulupirira mizere ya mabanja imene anthu amaika pa intaneti yopanda umboni pambali. Mizere 50 yonena chinthu chimodzi kawirikawiri ndi munthu mmodzi amene analakwitsa, ena 49 n'kukopera.

Gawo 7: Mawilu

Kaundula wa ubatizo amati "John mwana wa Lawrence" basi. Wilu imatchula mkazi, ana motsatana, apongozi, adzukulu, munda wakuti ku mudzi wakuti. Ndi pepala limene limamanga mibadwo pamodzi, ndipo ambiri amalinyalanyaza poganiza kuti makolo awo analibe chuma.

Kuyambira pa 12 Januwale 1858 mawilu a England ndi Wales amatsimikizidwa ndi khoti la boma, ndipo mungawasake ndi kuwaitanitsa pa webusaiti ya gov.uk. Kumbuyo kwa tsikulo inali ntchito ya makhoti a mpingo, omwe anali ambirimbiri. Lalikulu linali Prerogative Court of Canterbury, limene mawilu ake, oyambira 1384, ali ku Kew ndipo amapezeka pa intaneti. A khoti lalikulu la kumpoto ali ku Borthwick Institute ku York. Otsalawo ali m'maofesi a zigawo.

Musawerenge mawilu a dzina lanu lokha. Mfundo ya Washington inamasuka mu 1889 pamene Henry Waters anafalitsa zimene anapeza, ndipo chingwe chachikulu chinali wilu ya munthu wa dzina lina, Andrew Knowling wa ku Tring ku Hertfordshire. Knowling anali bambo wopeza wa Amphyllis, mkazi wa m'busa uja, ndipo m'wilu yake anatchula ana a Amphyllis mmodzimmodzi, John ndi Lawrence ali momwemo. M'busayo anachotsedwa pa parishi ya Purleigh mu 1643 chifukwa chokhala mbali ya mfumu pa nkhondo yapachiweniweni, banja linasauka, ndipo cha m'ma 1656 kapena 1657 John anafika ku Virginia. Iye anabereka Lawrence, Lawrence anabereka Augustine, Augustine anabereka George. Mukamawerenga mawilu akale kumbukiraninso kuti mawu a ubale ankagwira ntchito mosiyana ndi lero: amene timati mpongozi ankatanthauzanso mwana wopeza, ndipo msuweni ankakhala mbale aliyense wapatali.

Kuseri kwa makaundula a tchalitchi kwatsala mabuku a misonkho ndi a malo: msonkho wa mafuwa a m'nyumba wa 1662 mpaka 1689, mndandanda wa amuna olumbira kuteteza chipembedzo cha Chiprotestanti wa 1641 ndi 1642, misonkho ya pamutu ya 1377, 1379 ndi 1381. Amenewa amaonetsa kumene dzina linali, osati amene anabereka mnzake. Mzere wa banja la anthu wamba nthawi zambiri umathera m'zaka za m'ma 1600 kapena 1700, ndipo kufika pamenepo ndi umboni wolimba ndi ntchito yaikulu kale. A Washington amalondoleka kupitirira apo chifukwa anali eni malo: Lawrence Washington, wamalonda a ubweya wa nkhosa yemwe anakhalapo meya wa Northampton kawiri, anagula Sulgrave cha m'ma 1539 nyumba za amonke zitalandidwa ndi mfumu, ndipo malo amasiya mapepala.

Gawo 8: Tsopano funsani za dzinalo

Mayina a mabanja opatsirana kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana anayamba pakati pa eni malo akuluakulu pambuyo poti Anormani alanda England mu 1066, n'kumatsikira kwa anthu wamba pang'onopang'ono. Pofika cha m'ma 1400 mabanja ambiri a kum'mwera ndi pakati pa dzikolo anali nawo. Kumpoto kunachedwerako, ku Wales kunachedwa kwambiri. Magwero ake ndi anayi: malo (Washington, Attenborough, Hill, Wood), ntchito (Smith wosula, Cooper wopanga migolo, Fletcher wopanga mivi), dzina la kholo (Johnson, Williams), ndi dzina lopatsidwa chifukwa cha maonekedwe kapena khalidwe (Long, Brown, Armstrong).

Musamasulire dzina ndi Chingerezi cha lero. Walker sanali woyendayenda. Anali wopondaponda nsalu yaubweya m'madzi kuti ilimbe. Ntchito yomweyo kum'mwera chakum'mawa inabala dzina la Fuller, kum'mwera chakumadzulo Tucker, moti dzinalo palokha likulozerani mbali ya dziko. Farmer poyamba anali wotolera misonkho kapena lendi. King, Bishop ndi Pope si mbadwa za mfumu kapena papa. Ndi mayina amene anthu ankapatsana, mwina chifukwa cha matama, mwina chifukwa cha mbali imene munthu ankatenga m'masewero. Mayina othera ndi -son anachuluka kumpoto. Price, Powell ndi Bowen ndi a ku Wales, kuchokera ku ap Rhys, ap Hywel ndi ab Owen, kutanthauza mwana wa uje.

Buku lodalirika ndi Oxford Dictionary of Family Names in Britain and Ireland la mu 2016, lokhala ndi mayina oposa 45,000. Ubwino wake ndi wakuti limaonetsa kalembedwe kakale kwambiri ka dzina, chaka ndi malo, komanso kumene eni dzinalo ankakhala mu kalembera wa 1881. Fananizani zimenezo ndi parishi imene mzere wanu wathera. Zikagwirizana, muli pafupi ndi gwero. Onaninso ngati dzinalo lili m'kaundula wa Guild of One-Name Studies, bungwe lokhazikitsidwa mu 1979 la anthu amene aliyense amasonkhanitsa zonse za dzina limodzi. Mwina wina anagwira kale theka la ntchito yanu.

Washington ndi dzina la malo. Kumapeto kwake kuli mawu a Chingerezi chakale akuti tun, munda kapena mudzi. Boldon Book, kaundula wa malo a Bishopu wa Durham wa mu 1183, amatchula William de Hertburn kuti anali ndi mudzi wa Wessyngton, umene anasinthanitsa ndi malo ake a ku Hartburn. Atasamuka, dzina linasamuka naye: iye ndi ana ake anakhala a de Wessyngton. Pamalo pa nyumba yawo lero pali Washington Old Hall, yosamalidwa ndi National Trust, bungwe losunga malo akale. Koma ku West Sussex kulinso mudzi wina wotchedwa Washington, ndipo umu ndi mmene mayina a malo amachitira: midzi ya Sutton, Newton ndi Norton ilipo yambirimbiri, uliwonse ukanatha kubala banja lakelake. Dzina losowa kawirikawiri limabwerera ku kholo limodzi. Dzina lofala ngati Smith linaphuka m'mudzi uliwonse umene munali wosula.

Gawo 9: DNA ndi zishango

Chibadwa cha Y chimayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, njira yomwe dzina limayenda. Kuyeza Y-DNA kwa mwamuna wa dzinalo, n'kufananiza ndi ena a dzina lomwelo, kungakuuzeni ngati nthambi ziwiri zili za mtengo umodzi. Kafukufuku wa Turi King ndi Mark Jobling ku University of Leicester anaonetsa kuti amuna a dzina losowa amafanana chibadwachi kawirikawiri kuposa a dzina lofala. Musanayezetse, kambiranani ndi banja. Zotsatira zimatha kuulula kuti penapake bambo wolembedwa si amene anabereka, ndipo nkhani yotero imakhudza anthu amoyo. M'makaundula momwemo mudzaona kuti mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankatenga dzina la mayi, ndiye mzere wa dzina ungakhote n'kudzera kuchikazi.

Za zishango zogulitsidwa pa intaneti zolembedwa kuti chizindikiro cha banja lanu, sungani ndalama zanu. Ku England chizindikiro chimaperekedwa kwa munthu mmodzi ndi mbadwa zake za kuchimuna, osati kwa aliyense wa dzinalo. Mizere iwiri yofiira ndi nyenyezi zitatu zofiira, zomwe zili pakhomo la Sulgrave Manor ndiponso pa mbendera ya mzinda wa Washington, D.C., ndi za banja lija la ku Durham ndi nthambi zake zotsimikizika basi.

Gawo 10: Ngati dzina linabwera popanda magazi

George Washington sanabereke mwana. Komabe mu kalembera wa ku America wa 2000 anthu oposa 160,000 anali ndi dzina limeneli, ndipo pafupifupi 90 mwa 100 alionse anali akuda. Ambiri mwa makolo awo analitenga ukapolo utatha mu 1865, pamene anthu amene anali asanaloledwe kukhala ndi dzina la banja lolembedwa anayenera kusankha lawo. Booker T. Washington, mphunzitsi wotchuka wa ku Tuskegee, anadzipatsa dzinalo ali mwana, tsiku limene aphunzitsi anafunsa mayina m'kalasi. Kwa mabanja amenewa njira sipita ku Sulgrave kapena ku Durham. Imapita ku kalembera wa 1870, woyamba kulemba mayina a anthu omasulidwawo, ndi ku mabuku a Freedmen's Bureau, ofesi ya boma imene inkathandiza akapolo omasulidwa.

Chimodzimodzi kwa Wilson wa ku Mulanje kapena James wa ku Chipata amene dzina lake linachokera pa ubatizo. Fufuzani munthu woyamba kulinyamula. Pezani kaundula wa mishoni kapena wa sukulu mmene linalembedwa koyamba, lembani chaka ndi dzina la mpingo, funsani akuluakulu dzina limene ankamutchula kumudzi asanabatizidwe, chiwongo chake, mfumu ya mudzi wake ndi dzina la mayi ake. Pa tsamba lake m'kope lanu lembani mayina onse awiri, lachingerezi ndi lakwawo, ndipo kuchokera pamenepo mupitirize kubwerera m'mbuyo ndi lakwawolo.